Fumbi la Simenti

Tsiku limenelo dzuwa linkawotcha ngati lasungira munthu chakukhosi. Mphepo kunalibe. Pofika nthawi yoweruka, a Chete anali atayera mbuu kuyambira kumutu mpaka kumapazi, thukuta litajambula timitsinje pa fumbi la simenti lomwe linawamatirira m'khosi.

Anzawo ankawatcha a Chete chifukwa ankatha kutsitsa matumba lole yonse osatulutsa liwu. Chimwalirire mayi a kunyumba kwawo, ngakhale mawu ochepa omwe anali nawo aja anawasunga.

Kuseri kwa nyumba yosungiramo simenti, m'mphepete mwa msewu, kunali mpopi. Zaka zonsezi onyamula matumba ankavula malaya pamenepo n'kusamba mutu, msana ndi m'khwapa, kabudula ali m'thupi. Koma khonsolo inali itaika lamulo latsopano: wovula malaya poonekera anthu wachita zolaula, akagona m'chitolokosi. Mwini malo analonjeza kumanga bafa. Njerwa yake sinaoneke.

Dzulo lake a Chete anamvera lamulolo, anapita kunyumba ndi fumbi lawo. Mdzukulu wawo, kamtsikana kodwala mphumu, kanawathamangira panjira monga mwa masiku onse, n'kukwirira nkhope pamimba pawo asanakaletse. Kanabanika mpaka m'mawa, m'chifuwa mukulira ngati mluzu.

Choncho lero anaima pa mpopi, malaya ochapa ali m'jumbo.

"Madala, taonani uko," anatero Wailesi, mnzawo wa pakamwa posatseka. "Akubwera oteteza maso a anthu aja. Ati nthiti zanuzo zikusokoneza azimayi pamsewu."

"Nthiti zake ziti?" anaseka dalaivala wa lole. "Awa akavula, anthu angoyesa tayanika thumba lopanda kanthu."

A khonsolo anali awiri. Wamkulu anali wa chimimba, ndodo ili m'khwapa. Wamng'ono, yunifolomu yake ikadali ndi mizere ya m'sitolo, anali mkamwini wa a Chete, bambo wake wa kamtsikana kaja.

Mkamwini anavula chipewa n'kusendera pafupi.

"Apongozi, chonde," ananong'ona. "Ntchitoyi ndangoiyamba kumene. Mukasambire kunyumba."

"Mwana wagona bwanji?" anafunsa a Chete.

Mkamwini anayang'ana nsapato zake. Ndiye amene anachezera kumusisita mwanayo kumsana.

"Oho, mukudziwana?" anatero wa ndodo uja. "Ndiye zaphweka. Uwauze achikulirewa kuti lamulo lilibe mpongozi."

"Bwana, funso," Wailesi analoza chikwangwani chachikulu tsidya la msewu. "Nanga mayi wotsatsa sopo uyo mumumanga liti? Wavala thovu lokhatu uyo."

"Iwe, tseka pakamwa. Uyo ndi malonda."

"Ndiye tipatseni sopo, nafenso tigulitse!"

Anthu anaseka, koma a Chete sanaseke. Zala zawo zinali pa batani loyamba, zosasuntha. Moyo wawo wonse anali asanaonetsepo chifuwa chawo kwa mkamwini. Ngakhale kunyumba, kutenthe chotani, ankakhala pakhonde malaya ali otseka mpaka m'khosi. Malemu mayi a kunyumba aja akanakhalapo akanagwira pakamwa. Ndiponso yunifolomu imeneyi ndi imene inkagula mankhwala a mwana. Mnyamatayu akachita manyazi n'kulephera kuwagwira, mawa ntchito palibe. Akawagwira, adzayang'anana bwanji pa mbale imodzi?

Simenti inkawayabwa m'khwapa, pomwe inasakanikirana ndi thukuta n'kuyamba kudya khungu. Anaganiza za timanja tija tikuwazungulira m'chiuno. Mwana samva zoti dikira. Akaona agogo, waona agogo.

"Achikulire, ndikuchenjezani komaliza," anatero wa ndodo, akugwedeza unyolo. "Usinkhu wanuwu mukufuna kuchita zolaula pamsewu?"

Liwu loti zolaulalo ndi lomwe linawalowa. A Chete anadzutsa mutu n'kumuyang'ana munthuyo m'maso.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anatero.

Anamasula batani loyamba, lachiwiri, onse mpaka pansi, osafulumira. Malaya a ntchito anagwa pansi kuti phi, fumbi n'kuti kobo. Pamapewa panali zipsera zakuda za matumba, khungu litakhakhala ngati la mtengo. Mayi wina wodutsa ndi dengu pamutu anayang'ana kamodzi n'kupitiriza ulendo wake.

Kenaka a Chete anatenga jumbo ya malaya ochapa ija n'kuitambasulira kwa mkamwini.

"Gwirani. Angagwere m'matope."

Mkamwini anayang'ana bwana wake, n'kuyang'ana jumbo. Anaika chipewa m'khwapa, nailandira ndi manja awiri.

"Ndiye mwasankha chitolokosi?" anakalipa wa ndodo.

"Mundimange nditasamba," anayankha a Chete. "Mwana akabwera kudzandiona asatsokomole."

Anatsegula mpopi mpaka kumapeto, anawerama, n'kuyamba ndi mutu.