Chigalu cha M'shedi ya Malata

Mayi wina wosoka zovala anali atatopa nako kukolopa dovu la galu wawo. Linali paliponse: pakhonde, pansalu za makasitomala, ngakhale pampando wa makina. Mwamuna wake anagula galuyo ali kamwana kuti azidzalondera pakhomo. Miyezi itapita, kamwana kaja kanafika m'chiuno mwa munthu, koma mtima uli wa nkhosa. Mlendo akalowa, chigalucho chinkangomugonera kumapazi.

"Mwamulera ngati khanda, alamu," anatero mkulu wake wa mwamunayo. "Mutsekereni m'shedi usana wonse asamaone anthu. Mudzandiuza, asanduka mkango."

"Mkango wodya kuposa ana anga," anayankha mayiyo, maso ali pasingano.

Mwamunayo anamvera mkulu wake nagula loko. Shediyo inali yamalata, yopanda zenera.

Tsiku lina masana, mayiyo popereka madzi anapeza galu ali thasa, lilime panja, akupuma ngati mvukuto. Anamuitana koma sanadzutse mutu. Anamukokera pamthunzi msana ukuchita kulira, namuthira madzi, kenako anaimbira dokotala wa ziweto ndi mwamuna wake.

"Mukanachedwa, bwenzi tikukumba dzenje," anatero dokotalayo atamaliza kumuthandiza. "Makolo a agalu amtundu uwu ankakhala kumapiri ozizira, ntchito yawo inali kufunafuna apaulendo osochera. Ubweyawu ndi bulangete losavula. Kukonda anthu nako n'chibadwa, loko sangakuchotse. Mupatseni mthunzi ndi madzi osatha. Chakudya muzigawa kawiri kapena katatu, ndipo muziyenda naye kunja kukazizira."

Mwamunayo anakanda mutu. "Nanga atilondera ndani, adokotala?"

"Wakuba amaona msinkhu, bambo a ana, saona mtima," anatero mayiyo, akufinya siketi yake yonyowa. "Ndipo kuyambira mawa chokolopera n'chanu."

Galuyo anachira pang'onopang'ono. Tsopano amagona pakhomo la chipinda chosokera, makasitomala n'kumamudumpha. Dovu likadalipo, ndipo mayiyo amatopabe. Koma alamu aja akabwera amaima kunja kwa geti n'kumaodira patali.

"Mwamugwira kodi?"

"Lowani, alamu," amatero mayiyo, makina osaimitsa. "Si khanda lija ili?"

Phunziro: Musanatenge chiweto, funsani odziwa za chibadwa chake ndi chisamaliro chake. Nkhanza sizisandutsa galu kukhala mlonda, zimangomudwalitsa.