Nyundo ya Mlamu

Woyeza wa inshuwalansi anazungulira galimotoyo akutokosa m'mano, kenaka anagogoda denga lake ngati munthu wosankha chivwende pamsika.

Mayi wamasiye anaima pakhomo la galaja atagwira tsaya. Galimotoyo anamusiyira ndi malemu mwamuna wake, ndipo ndi imene mayiyo ankanyamulira ana a anthu kupita kusukulu m'mawa uliwonse. Popanda iyo, ana ake omwe akanagona ndi njala. Lole imene inaigunda pamsewu inali itangopinda chitseko ndi kuswa nyali imodzi, basi. Koma mlamu wake, makaniko wodziwa zonse amene sanamalizepo kukonza kanthu, anaona kuti zimenezo n'zochepa.

"Alamu, anthu awa salipira zokandika," anatero dzulo lake. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tiiwonjezere mabala pang'ono kuti aikonze yonse, ndi penti yemwe."

Anatenga nyundo n'kuyamba kukhoma chitsulo choimirira pakati pa zitseko ziwiri. Mayiyo anatseka makutu, koma sanamuletse.

Tsopano woyeza uja anawerama pa chitsulo chomwecho.

"Mayi, magalimoto ovulala timawaika m'magulu," anatero mosathamanga, ngati akuphunzitsa mwana. "Ena ndi ongokonza. Ena kukonza kwake kumaposa mtengo wake, ndiye timagulitsa kwa okonda kuvutika. Ena ndi mitembo."

"Nanga yangayi, bambo?"

"Chitseko ndi malaya, timasintha. Nyali ndi diso, timaika lina. Koma ichi ndi msana. Ikapindika apa, sibwereranso pamsewu. Yanuyi ipita kokaphwanyidwa."

Mayiyo anafunsa kuti, "Ndiye mundipatsa ina?"

Munthu uja anaseka mpaka kutsokomola. "Tikupatsani mtengo wa nkhalamba, mayi, poti inali nkhalamba. Mukafunafuna bwino mupeza njinga yabwino ndithu. Anawo muziwakweza mmodzimmodzi."

Mlamu anali atatanganidwa mwadzidzidzi ndi kupukuta sipanala yoyera kale.

Woyezayo anayendetsa chala m'mabala a pa chitsulo chija, limodzi ndi limodzi, akumwetulira. Ankasangalala, ndipo sanabise.

"Komatu lole yakeyo inali yaluso. Mabala ozungulira bwino, ofanana ngati mapasa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada." Anadzuka n'kumuyang'ana m'maso. "Ngati papita dzanja la munthu apa, nenani, mayi. Mukatero ife sitilipira kalikonse, ndipo mwini dzanjalo akafotokoza bwino kupolisi. Ndiye ndikufunsani: ndi lole kapena si lole?"

Mayiyo anayang'ana mlamu wake. Anamuda panthawiyo ndi mtima wake wonse, kuyambira tsitsi mpaka zikhadabo zakuda zija. Koma kunena zoona sikukanawongola chitsulo, ndipo akuchimuna akanati wamangitsa m'bale wawo.

"Ndi lole," anatero.

"Ndinadziwa," anayankha woyezayo. Anatulutsa choko chachikasu n'kulemba chizindikiro chachikulu pagalasi lakutsogolo. "Makiyi."

Anapereka. Koma makiyiwo anamupulumuka n'kugwa pansi, ndipo munthu uja anadikira kuti mayiyo awatole yekha.

Woyezayo atatuluka kukaitana galimoto yokoka, mlamu anasendera pafupi n'kutsitsa mawu.

"Alamu, poti ikupita kokaphwanyidwa, batire ija ndi yatsopanotu. Ndichotse msanga asanabwere?"