Botolo la a Mwalukasa

"Tambasulani mkono, bambo. Ndipo musalankhule."

"Ndasiya kale, mwanawe," anatero a Mwalukasa, uku akulankhulabe.

Subilaga anawakulunga lamba wa makina pamkono kachitatu. Lambayo anafufuma, n'kuphwa, manambala n'kuima pomwe paja: 182. Miyezi itatu yathunthu mtsikanayu akukwera phiri ili pa njinga yamoto kuchokera ku Tukuyu, m'matope ndi m'nkhungu, koma bipi ya nkhalamba imodziyi inali itakaniratu kutsika.

Subilaga anali namwino wa kafukufuku wa matenda othamanga magazi. Madokotala ankafuna kuona ngati piritsi limodzi patsiku, loperekedwa pakhomo, lingateteze anthu akumudzi ku sitiroko. Pakhomo lililonse ankachita mayere n'kutengapo munthu mmodzi, ndipo pano mayere adagwera abambo. Botolo lawo linali ndi chivindikiro chochenjera, chosunga tsiku ndi nthawi imene latsegulidwa. Mwa anthu onse a Subilaga panalibe wokhulupirika ngati a Mwalukasa: 7 koloko m'mawa, tsiku ndi tsiku, osaphonya. Akawerenga mapiritsi otsala, ndendende. Nanga vuto linali pati?

"Mchere mudachepetsa?"

"Funsani amake Gwamaka. Nyemba zawo masiku ano ndi madzi otsukira mbale."

"Bodza!" anayankha mayi Tusekile, akazi awo, ali kukhitchini. "Dzulo munanyambita mbale mpaka mphaka anadandaula."

Subilaga sanaseke, chifukwa ankaopa. Akulu awo a a Mwalukasa adagwa m'munda wa tiyi chaka chatha, ndipo mpaka pano anali chigonere, mbali imodzi yakufa. Adokotala anali atanena kale kuti bipi ikapanda kutsika mwezi uno, alembe m'buku kuti piritsili silikugwira pa munthu ameneyu.

Tsikuli Subilaga adalawirira pothawa mvula, moti 7 koloko inali isanakwane. Mayi Tusekile analowa pang'onopang'ono, mutu ataumanga zolimba ndi kansalu, atanyamula tiyi wamkaka, nthochi zootcha ndi dzira limodzi lowiritsa, poti nkhuku inali itaikira limodzi lokha. Mlendo atakana dziralo, analiika pamaso pa abambo. Iwo analisenda, kulidula pakati ndi sipuni, theka n'kukankhira kwa amayi, osayang'ana n'komwe.

"Dzira limodzi anthu awiri?" anafunsa Subilaga.

"Zaka makumi anayi ndi zinayi tili m'banja, mwana wanga," anatero amayi. "Awa ngakhale switi wapaukwati amamuluma pakati n'kundisungira m'thumba. Amafika atamata ulusi, koma ndidye basi."

Apa Subilaga anaseka. Koma kusekako kunathera panjira. Anayang'ana pashelefu pomwe pankakhala botolo, pambali pa buku la nyimbo. Pomwepo panali kalezala, ndipo m'mphepete mwake munali kaufa koyera.

"Bambo, nthawi yakwana. Imwani piritsi lanu ine ndikuona."

"Pamaso pa mlendo? Tayambani mwamwa tiyi."

"Tiyi sathawa."

A Mwalukasa anadzuka monyinyirika. Koma dzanja lozolowera silimva malangizo: linatsika pashelefu litagwira botolo ndi lezala pamodzi. Anaima chilili, kuyang'ana lezalalo ngati wina wawaikira dala. Amayi anayamba kukonza nthochi zomwe zinali zokonza kale.

"Kuyambira liti?" anafunsa Subilaga motsitsa mawu.

"Kuyambira tsiku lachiwiri."

"Mayo ine! Miyezi itatu?"

"Tamverani, mwanawe. Amake Gwamakawa mutu umawawaza kuchokera m'khosi, makutu kulira, chimodzimodzi ine. Inu mudabwera ndi mayere anu n'kusankha ine. Kodi matenda amachita mayere? Ndizimeza ndekha mankhwala, mnzanga akubuula pambali? Mayi anga sadandilere choncho."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Pepala lija ndidasainira limati mankhwala ndi anga ndekha. Ndimaopa mungandilande botolo, tonse n'kutsala manja lende."

Subilaga anafuna kukalipa, ndipo anayambadi, koma ukaliwo sunapite patali, chifukwa nkhalamba ziwirizi ankazikonda kuposa mmene ntchito imalolera.

"Safunsa adadya phula, bambo! Piritsi si dzira. Theka silikukuchizani inu, theka silikuwachiza amayi. Ine usana wonse kumadzifunsa kuti ndalakwitsa pati, kumeneko inu muli pa lezala!"

"Ndidawauza ine," anatero amayi.

"Mudandiuza mutameza kale," anabweza abambo.

Subilaga anamasula lamba n'kutembenukira kwa amayi. "Bweretsani mkono."

"Ine sindili m'kafukufuku, mwana wanga."

"Makinawa sadziwa mayere."

Lamba anafufuma, n'kuphwa. 196. Anayezanso, manambala osasuntha. Kunja madontho oyamba anali akugwera pamasamba a nthochi. A Mwalukasa anakhala pansi botolo lili m'manja.

"Amake Gwamaka, nazonso mpaka kundipitirira?" Anafuna kuti chikhale nthabwala, koma mantha anaonekera poyera.

"Chakudza sichiimba ng'oma," anatero Subilaga. "Mapiritsi a kafukufuku sindingawapatse amayi, lamulo silindilola. Koma kuchipatala chathu cha boma mankhwala a bipi aliko, ndipo safuna mayere. Tikupita pompano, pa njinga yangayi. China, bambo: za lezalazi ndikalemba zoona."

"Andichotsa?"

"Sindikudziwa. Ndikakuchondererani. Koma bodza likalowa m'buku muja, anthu ambirimbiri adzauzidwa kuti mankhwala abwino sagwira, pomwe vuto ndi chikondi cha a Mwalukasa."

Nkhalambayo inasinkhasinkha pang'ono. "Lembani. Mulembenso kuti ndinkadula mowongoka."

"Tsopano mezani lathunthu."

"Ayi."

"Bambo!"

"Ndimeza lathunthu, ndalonjeza. Koma akabwera ndi lawo. Ndikhala pakhonde pano."

Subilaga anayang'ana amayi kuti amuthandize. Iwo anangopukusa mutu akumanga nsalu m'chiuno. "Usataye malovu, mwana wanga. Ine ndakhala ndikuyesa kuyambira usanabadwe." Kenaka anatenga lezala m'manja mwa amuna awo n'kulikulunga m'kapepala. "Ili ndatenga. Mungagawire mphaka."

Powakweza amayi panjinga inali ntchito. Chipewa chachitsulo chinawamira mpaka m'mphuno, ndipo abambo ankazungulira njingayo akulamula ngati ndi yawo. "Gwiritsitsani, nkhalamba inu, mungakagwere m'nthochi za eni! Mwanawe, pamlatho paja pang'onopang'ono. Ameneyu ndi mmodzi yekha, ndilibe wina."

Kuchipatala mzere unali wautali, ndipo anabwerako dzuwa litapendeka. Anawapeza a Mwalukasa ali pakhonde pomwe paja, atavala jekete, makapu awiri amadzi ali pampando. Nthochi zam'mawa zija zinali zosakhudza. Amayi anatulutsa kapepala ka mapiritsi awo, abambo anatsegula botolo, ndipo anameza nthawi imodzi, wina akuyang'ana pakhosi pa mnzake kuti pasakhale chinyengo.

Adokotala atamva nkhaniyi anagwira kumutu. Miyezi itatu ija anaiika chizindikiro m'buku, koma munthuyo sanamuchotse. Analamulanso kuti kuyambira pamenepo, namwino akafika pakhomo aziyeza wamkulu aliyense wopezekapo, kaya mayere adamugwera kaya ayi.

Patatha mwezi, bipi ya abambo inali 138, ya amayi 144, ndipo ankakanganirana kuti wapambana ndani. Ku ofesi, adokotala anaika chivindikiro chija pakompyuta. Mzere wa 7 koloko unali wowongoka kuyambira kumwamba mpaka pansi, kupatula kadontho kamodzi kotayikira kutali, cha m'ma 4 koloko madzulo.

"Nanga apa? Adaiwala?"

"Ayi, adokotala," anatero Subilaga. "Ankadikira akazi awo."