Kamtanda pa Tayala Lakutsogolo

Dengu la nsomba linali litakwezedwa kale mu minibasi pamene Wenceslaus anagwada pa tayala lakutsogolo n'kuyamba kulipapasa ndi chala. Mkazi wake, Dailesi, anaima pakhomo, phazi limodzi lili m'kati.

"Onani, ba mudala bayamba futi kupemphera," anatero Boyd, dalaivala wa minibasiyo. "Mutipempherereko na ise."

Anthu anaseka, koma Wenceslaus sanadzutse mutu. Zaka khumi ndi zinayi anali akugwira ntchito pa shedi ya kuseri kwa msika wa Kafue, pomwe amamata mphira watsopano pa matayala otha. Ntchito yake yomaliza pa tayala lililonse inali kutenthetsa chidindo chachitsulo n'kudinda pambali mawu osonyeza kuti ndi lomata, mwezi ndi chaka. Mwini shedi wakale ankawanena malamulowo ngati katekisimu: tayala lomata lidindidwe, ndipo lisaikidwe kutsogolo kwa galimoto yonyamula anthu. Mkuluyo atamwalira, mwana wake Eugene anamatula pepala la malamulo pakhoma, chidindo n'kuchikoloweka pamsomali. Matayala anayamba kupakidwa utoto wakuda, kukulungidwa m'pulasitiki, n'kugulitsidwa ngati atsopano.

Wenceslaus adadandaula kamodzi kokha. Eugene adangomulozera geti n'kumuuza kuti ofuna ntchito mu Kafue ndi ambiri. Nanga munthu waimvi, ana ali pasukulu, akanalowera kuti? Anatseka pakamwa. Koma kuyambira tsiku limenelo ankakanda kamtanda kakang'ono ndi nsonga ya mpeni pafupi ndi rimu, chitsulo chomwe tayala limavalapo, kuti azizindikira yekha ntchito ya manja ake. N'chifukwa chake m'mawa uliwonse ankaperekeza Dailesi kuchokera kwawo ku Nangongwe kuti akapapase matayala a minibasi, koma azioneka ngati akungomuthandiza kunyamula dengu.

M'mawa umenewu chala chinakapeza kamtandako pa tayala la Boyd.

"Amake Cindy, tsikani," anatero kwa mkazi wake. Kenako anatembenukira kwa dalaivala. "Ba Boyd, tayala ili ndi lomata. Silofunika kutsogolo."

"Yomata shani? Iyi tayala ni nyowani, ninachosa neka mu pulasitiki. Chidindo chili kuti? Nionetseni."

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

"Ise tiyenda na mafuta, mudala, osati miyambi. Manje mwaziba bwanji imwe?"

Wenceslaus anayang'ananso tayala lija. Akanati ndinalimata ndine, nkhani ikanafika kwa Eugene dzuwa lisanafike pamutu, ndipo apolisi akanabwera, manja omata akanakhala ake, osati a Eugene. Anangolowa m'minibasimo n'kutsitsa dengu.

Minibasi ya Boyd inadzaza n'kunyamuka. Yachiwiri inasendera. Wenceslaus anagwadanso, anapapasa, ndipo kamtanda kanali pa tayala lakumanja. Yachitatu kanali mbali zonse ziwiri. Yachinayi inali ndi matayala ena, koma osalala ngati chipumi, mawaya akusuzumira. Anayenda mzere wonse wa pasiteshoni, mawondo a buluku atayera ndi fumbi, ndipo paliponse ankakumana ndi iye mwini. Anachita mantha, komanso manyazi amene sanawamvepo chibadwire.

Pobwerera anapeza madzi akuchucha pansi pa dengu. Ayezi anali akusungunuka, ndipo ntchentche zinali zitayamba kale kuzungulira nsomba zomwe Dailesi anakazitenga kwa asodzi ku Chanyanya dzulo lake.

"Bambo a Cindy, ndiuzeni, mumafunafuna chiyani m'matayalamu?"

Anamuuza zonse, motsitsa mawu, maso ali pansi. Dailesi anamvetsera mpaka kumapeto, sanamudule.

"Matayalawo ndi angati?"

"Sindinawerenge. Ndinayamba nyengo ya mvula yathayi."

"Ndiye inu mumanditsitsa ine ndekha. Amake Lilly apita ndi basi ya Boyd ija, ali ndi khanda kumsana. Munawaona?"

"Ndinawaona."

Dailesi anapirikitsa ntchentche ndi nsonga ya chitenje.

"Mukasiya ntchito, Eugene alemba wina mawa, ndipo ameneyo sakanda n'kamtanda komwe. Ine ndikapanda kupita ku Lusaka, nsombazi tizitaya. Mwati ndikwere iti?"

Wenceslaus anayang'ana mzere wa maminibasi kuyambira koyamba mpaka kothera. Panalibe yoti aloze.

"Ndinyamulitseni dengu," anatero Dailesi.

Anamunyamulitsa. Mkaziyo anakhala mpando wakumbuyo, pawindo, ndipo anatulutsa kolona m'chikwama. Sanamuyang'ane mwamuna wake. Minibasi inatuluka pasiteshoni, tayala lakutsogolo likunyezimira utoto wake wakuda, n'kulowa mumsewu wa ku Lusaka.

Ku shedi anafika mochedwa. Eugene anali pafoni, anangoloza ndi mlomo matayala asanu ndi limodzi odikira utoto. Chidindo chinali pamsomali pake, chitayamba dzimbiri. Wenceslaus anatulutsa kampeni kaja m'thumba, anagwada pa tayala loyamba, n'kukhala choncho nthawi yaitali. Kenako anakapinda n'kukaponya m'dilamu la zinyalala.

Mawa lake anaperekeza Dailesi monga mwa masiku onse. Anakweza dengu, n'kuima chapatali, manja ali m'thumba.

"Lelo simupemphera, mudala?" anafunsa Boyd.

"Ndasiya," anayankha Wenceslaus.