Dzanja la Tcheyamani

"Khalani pansi, ba Titus! Sindinakupatseni mpata wolankhula," anatero a Wenceslaus Kamwendo uku akumenya tebulo ndi kanyundo kawo.

Titus sanakhale. Mlongo wake Clementina anali atamwalira m'mawa wa tsikulo, ndipo mtembo unali m'nyumba ya mwamuna wake Kizito, kukomboni ya anthu a njanji. Unali mwezi wa Okutobala. Malata a kasukulu momwe munachitikira msonkhano ankalira ndi kutentha.

A Wenceslaus ndiwo anali tcheyamani wa bungwe la maliro la anthu a ku Nyasalande okhala mu Kafue. Anali mmisiri wa matabwa, munthu woyenda: ku Joni anafikako, ku Bulawayo anagwirako ntchito, ku Beira anaonako nyanja yamchere. Malamulo a bungwelo anabwera nawo okha m'chikwama kuchokera ku Joni, ndipo ankauza aliyense kuti ngakhale Azungu a Chitaganya ku Salisbury sadziwa kuyendetsa msonkhano ngati iwo.

Vuto linali chigamulo cha mu Ogasiti. Anthu atanyanyala butchala ya Mzungu, komwe munthu wakuda ankagulira pakazenera kakumbali, bungwe linagamula kuti wogula pazenerapo asadzathandizidwe pa maliro a pakhomo pake. Asadzapatsidwe bokosi, adzukulu okumba manda, ngakhale oimba. Membala womuthandiza adzafufutidwe m'buku. Tsono Kizito anaonedwa pazenerapo akugula chiwindi, chifukwa kuchipatala anati mkazi wake watha magazi.

"Ba Tcheyamani, ndili ndi mawu asanu chabe," anatero Titus. "Pachigamulo chija tiwonjezere kuti: kupatula mkazi ndi ana ake. Wolakwa ni mlamu wanga. Clementina analakwa chani?"

"Anadya!" anakuwa Cephas, bambo wa dzino loguluka amene apolisi anamukwapula ataima pakhomo pa butchalapo. "Ise tinamenyedwa, iye anali kudyera nshima chiwindi. Lero tikatsegula kazenera aka, mawa aliyense azakamba ati mkazi wanga adwala."

"Iwe Cephas, nyimbo pa maliro a mwana wako anayambitsa ndani?" anafunsa Titus. "Si Clementina?"

"Bata!" A Wenceslaus anamenyanso tebulo. Anavala magalasi natsegula buku, ngakhale tsamba lake ankalidziwa pamtima. "Chigamulo chomwe chinadutsa kale sichisinthidwa ngati malaya. Njira ndi ziwiri. Mukapereka notisi ya masiku khumi ndi anayi, ochuluka apambana, ngakhale achuluke ndi mmodzi. Mukafuna lero lomwe, pakufunika magawo awiri mwa atatu. Tilipo makumi atatu, ndiye kuti manja makumi awiri."

"Masiku khumi ndi anayi? Na dzuwa ili?" anafunsa mayi Ursula, mtsogoleri wa oimba. "Ba Tcheyamani, mwafikako kunyumba kuja?"

A Wenceslaus anatembenuza tsamba la buku. Anali asanafikeko. Clementina ankamudziwa kuyambira ali kamtsikana, ndipo mpando waukwati wake anakhoma ndi iwo omwe. Mumtima ankafuna kuti manja akwane, nkhani ithe popanda iwo kulowamo.

Nthawi yovota itakwana, mlembi Jailos anayenda benchi ndi benchi akuwerenga manja. Anawerenganso kachiwiri.

"Ovomera, khumi ndi asanu ndi anayi. Okana, khumi."

Kenaka Titus anayenda mpaka patebulo, nagwada pansi pamaso pa anthu onse.

"Atate, latsala dzanja limodzi. Ni lanu. Inu simunavote."

A Wenceslaus anayang'ana buku lija. Buku silinkaletsa tcheyamani kuvota, ndipo iwo ankadziwa zimenezo. Koma kwa zaka zisanu ndi chimodzi anali akuphunzitsa anthuwa kuti tcheyamani weniweni amakweza dzanja pokhapo mbali ziwiri zikafanana, monga ankachitira mkulu wina amene anamuona ku Joni. Anali atazinena kumowa, kutchalitchi, ngakhale pa siteshoni. Tsopano Cephas anali kuwayang'ana akumwetulira ndi mpata wa dzino lake.

"Shani, zili bwanji, ba Tcheyamani?" anatero Cephas. "Lamulo la ku Joni lasungunuka na dzuwa?"

Dzanja lawo linali patebulo, pafupi ndi kanyundo. Analiyang'ana ngati la munthu wina.

"Mbali sizinafanane," anatero pomaliza. "Tcheyamani savota. Pempho lagwa."

Titus anadzuka nasasa mawondo ake. Sanatukwane. Anangotembenukira kwa mlembi.

"Ba Jailos, lembani notisi. Masiku khumi ndi anayi. Mukatsiriza mufufute dzina langa, chifukwa ine nipita kukakumba."

Clementina anaikidwa m'mawa mwake atakulungidwa mumphasa. Manda anakumba Titus ndi Kizito, mothandizidwa ndi asodzi awiri Achitonga amene anawamvera chisoni. Dothi linali louma gwa, ndipo dzenje silinafike m'chiuno. Panalibe nyimbo. A Wenceslaus anatsekera m'shopu yawo tsiku lonse, akupala thabwa limodzi mpaka linatsala ngati pepala.

Patatha masabata awiri bungwe linakumananso. Notisi inali itakwana, ndipo mawu asanu aja anadutsa msonkhano usanathe ndi mphindi khumi zomwe. Ngakhale ena mwa okana aja anakweza manja, maso ali pansi. Jailos analemba bwinobwino papepala loyera, tcheyamani nasaina.

"Wina akamuuze Kizito," anatero a Wenceslaus.

Palibe anadzuka. Anapita okha, pepala lili m'thumba la jekete.

Anapeza Kizito atakhala pakhonde akusenda chinangwa, ana ake awiri ali pambali pake. Sanawapatse mpando. Analandira pepalalo, naliwerenga pang'onopang'ono mpaka pansi pomwe panali siginecha yopotanapotana, kenaka analipinda nalibweza.

"Mwalemba bwino, ba Tcheyamani," anatero. "Mkazi nilibe. Atsala ni aba awiri. Nizakuitanani pa maliro a uti?"

A Wenceslaus anayang'ana anawo, anawo nawayang'ananso. Anavula chipewa. Kizito anatola mpeni wake napitiriza kusenda.