Ndifunse Kaye Bambo

Dokotala atandiuza kuti ng'ala ya diso langa lamanzere yakhwima ndipo aichotsa mwezi wotsatira, anawonjezera kuti ndidzabwere ndi munthu wondigwira dzanja ndi kumandithira mankhwala m'maso mpaka chilonda chitapola. Mayi a ana anga anamwalira kale. Mwana wanga wamkazi, yemwe ndi telala, ali ndi khanda komanso mwamuna amene sindingamutume ngakhale machesi. Wotsala anali Kafupi, mwana wanga wamwamuna, amene akuphunzira za unsembe ku seminale. Dzinali tinamupatsa ali wamng'ono. Lero amachita kuwerama polowa pakhomo panga.

Mlongo wake anamuimbira foni ine ndili pomwepo, nakweza mawu kuti ndizimva.

"Achimwene, bambo akukachotsa ng'ala. Mubwera kudzawasamala?"

Kafupi anati, "Mwezi umenewo ndi wa m'bindikiro, sitituluka ndipo sitiyankhula. Ndifunse kaye Bambo."

"Bambo ake atinso? Si awa ali apawa?"

"Ayi, Bambo a kuno. Mlangizi wanga wa zauzimu."

Ndinamuuza telala kuti adule foniyo. Mwana ndinamunyamula paphewa ine, nsapato zake zoyamba ndinasoketsa ine, lero kuti abwere kudzaona diso langa akafunse kaye bambo wina! Ndinadikira yankho, koma silinabwere. Ndiye m'mawa wina ndinavala jekete langa, ndinakwera basi, kuti ndikamuone ndi diso lotsalali munthu amene wanditengera mwana.

Ndinafika masana, belu likulira. Anyamata anali kutuluka m'makalasi, mabuku ali m'khwapa, onse kulunjika ku katchalitchi kakang'ono ka pakati pa nyumba zawo. Wina anandilozera benchi yakumbuyo, nandinong'oneza kuti ino ndi nthawi yofufuza mtima, aliyense amaganizira mmene wakhalira chidzukireni. Ndinakhala. Panalibe woimba, panalibe wolalika, panalibenso woyendetsa mbale ya chopereka. Ndinadikira kuti mbaleyo ifike, koma sinafike. Ndinangomva mabenchi akulira pang'ono ndi wina akutsokomola. Ndagwira ntchito ya ulonda pazipata za anthu ambiri, ndipo chete amene ndinamuzolowera ndi wa munthu amene akufuna kudumpha mpanda. Chete ameneyu anali wina. Sindinadane naye.

Kafupi anandiona potuluka. Anandigwira manja onse awiri.

"Bambo! Mwabwera nokha ndi diso limeneli?"

"Ukunena ine, kapena pali wina kumbuyo kwangaku?"

Ananditengera kuchipinda kwake. Munali bedi lopapatiza, tebulo, mpando umodzi, ndi kathabwa kogwadira kamene kanali katasalala ndi maondo. Patebulo panali buku lonenepa la mapemphero, timaliboni tamitundu tikulendewera. Pachitseko, pakapu, pazenera, ngakhale pa chidendene cha nsapato, anamatapo timapepala tolembedwa zinthu zopindikapindika.

"Nyerere izi zinafera pano bwanji?"

"Ndi Chigiriki, bambo. Chilichonse ndachilemba dzina lake kuti ndiziloweza. Malemba ena analembedwa m'chinenero chimenechi, ndiye amafuna tiziwawerenga tokha."

"Ndi bwino. Womasulira amaonjezera zake." Apa ndinagwirizana nawo aphunzitsi ake. "Nanga ali kuti bambo ako enawo? Ndikufuna ndiwaone."

Ndinkayembekeza munthu wamkulu thupi, wa mawu osalala ngati a ogulitsa mankhwala m'basi. Tinapeza kankhalamba kakafupi kali mu ofesi, katapinda buluku, mapazi otupa ali m'beseni la madzi ofunda. M'khutu munali kachipangizo komvera. Pambali panali kapu ya tiyi ndi buledi woluma kale.

"Takulandirani, bambo," anatero wansembeyo. "Mundikhululukire, sinditha kuimirira. Mapazi awa anandiukira kale."

"Zikomo, akulu," ndinatero. Dzina lija sindinafune kumupatsa. Ndinakhala pampando, Kafupi anaima pafupi ndi chitseko. "Ndabwera ndi funso limodzi. Mwana uyu munabereka ndinu?"

Anaseka mpaka madzi anagavikira pansi. "Ndikanabereka ine akanatalika chonchi?"

"Nanga mukumukaniziranji kubwera kudzandisamala? Akukandicheka diso ine."

"Ndani akumukaniza?" Anakonza kachipangizo kake m'khutu ngati sanamve bwino. "Ine ndinamuuza tsiku lomwelo kuti alongedze chikwama. M'bindikiro adzachita chaka chamawa ndi anzake a kalasi yam'mbuyo. Mulungu sasamuka."

Tonse awiri tinatembenukira kuchitseko.

"Bambo..." anayamba Kafupi.

"Ee?" tinayankha pamodzi, ine ndi nkhalambayo.

Mwanayo anayang'ana pansi. "Ndikunena Bambo a kuno. Munavomera msanga kwambiri. Sabata yomweyo n'kuti mutangotiphunzitsa kuti wofuna unsembe azitha kusiya zonse, ngakhale za kwawo. Kenako ine ndikupempha, inu osaganizira n'komwe, basi, 'Pita.' Ndinaona kuti mukundiyesa. Ndinati ndikangonyamula chikwama, mudziwa kuti mtima wanga sunakhazikike, ndipo mundiuza kuti ndisabwererenso."

"Mwamva?" anatero wansembeyo, akundiyang'ana. "Ndamuuza kangapo kuti palibe msampha. Nthawi iliyonse amandiyang'ana ngati ndabisa mpeni m'thumba. Ndikamuyamikira kuti wakhoza mayeso, amakawerenganso pepala lonse kuti apeze pamene ndamunamiza. Popemphera ndiye wakhama, pophunzira wakhama, koma chinthu chabwino chikamubwerera amayamba wachitembenuza kuti aone kunsi kwake. Sindikudziwa kumene anazitenga."

Ine ndinkadziwa. Ndinamuyang'ana mwana wanga ataima paja, wamtali, nsidze zitakumana pakati monga zimachitira zanga wogulitsa akanditsitsira mtengo ndisanapemphe. M'chifuwa mwanga munafunda ngati ndamwa tiyi uja.

"Mwanayu akuganiza bwino," ndinatero. "Inenso munthu akandivomera msanga, tulo sindilipeza."

Nkhalambayo inawomba m'manja. "Ndiye ndi wanu ameneyu, palibe wokulandani! Chabwino, tithandizane. Inu mumamudziwa kuyambira ali wosavala. Ndimuuze bwanji kuti akhulupirire?"

"Musamupatse ngati mphatso. Muikirenipo chowawa."

Wansembeyo anaganiza pang'ono, akusuntha zala m'madzi. Kenako anawongola msana, nkhope inauma, mawu anasintha ngati a mphunzitsi wamkulu.

"Tamvera, iwe. Sindikukupatsa chilolezo, ndikukulamula. Upite kwanu. Uzidzuka nthawi yomwe timadzukira kuno, uzinena mapemphero a m'mawa onse osadumpha tsamba. Chigiriki chako chisagone, ndidzakufunsa ukabwera. Mankhwala a bambo ako asaphonye. Ndipo kuyambira podzuka mpaka masana usayankhule, monga azichitira anzako kuno. Bambo ako akanena chilichonse, kaya akudandaula, kaya akukunena, iwe uzingomvera osayankha. M'bindikiro wako ndi umenewo. Ukaona kuti ndi wopepuka, udzandiuze."

Kafupi anandiyang'ana ine, nayang'ananso wansembeyo. Nsidze zija zinamasuka.

"Zimenezo ndiye ndamva, Bambo," anatero. "Umenewo si wopepuka."

"Iwe, ukutanthauza chiyani?" ndinamufunsa, koma awiriwo anali akuseka kale. Wansembeyo ananyema buledi wake kumbali yosaluma nandipatsa. Ndinamuyang'ana bwino buledi ameneyo, kenako ndinadya. Potsanzika ndinati, "Tsalani bwino, Bambo." Dzinalo linangotuluka lokha, ndipo silinandichepetse kanthu.

Ng'ala anaichotsa. Kafupi anandigwira chigongono kuchokera pachipata cha chipatala mpaka pabedi langa, akundiuza pamene pali mwala ndi pamene pali ngalande. Tsopano amagona pamkeka m'chipinda chochezera, miyendo itatulukira kukhonde. M'mawa ndimamva masamba a buku lake akutembenuka, kenako amabwera ndi kabotolo, amandipendeketsa mutu, amandidonthezera mankhwala, osanena kanthu. Manja ake ndi ofatsa kuposa a anamwino a kuchipatala kuja.

Ndipo kuyambira pamenepo mpaka masana, bwalo ndi langa. Ndimamuuza za mlamu wake amene sanabwere kudzandiona. Ndimamuuza za mwininyumba, za dokotala amene ndikumukayikira kuti anali wophunzira chabe, za aneba amene nkhuku zawo zimadziwa munda wanga kuposa khola lawo. Moyo wanga wonse sindinapezepo munthu wondimvera mpaka kumapeto. Iye amangokhala pampando, manja ali pamaondo, nthawi zina milomo ikunjenjemera pofuna kuyankha, koma amaugwira mtima.

Dzulo mlongo wake anabwera ndi khanda, natipeza tili choncho.

"Bambo, mukumuzunza mwana wa eni," anatero.

"Wa eni ake ati? Ndikumuthandiza maphunziro. Ansembe ntchito yawo ndi kumvera madandaulo a anthu, aziyambira pa ine."

"Achimwene, zoona zimenezi?"

Kafupi analoza dzuwa pazenera, kusonyeza kuti masana sanakwane, nanyamula khandalo. Ine ndinakonza bandeji wanga n'kupitiriza nkhani ya nkhuku pamene ndinalekezera.