Mwamuna Wosatsanzika

Daison sankatsanzika. Ankangovala majombo, kunyamula piki, basi uyo kumaenje okumba miyala ya kromu kuseri kwa tauni ya Lalapanzi ku Zimbabwe, ngati munthu wopita kuchimbudzi. Chifukwa chake mkazi wake Ernestina ankachidziwa bwino: bambo ake a Daison anatsanzika kamodzi kokha pa zaka zonse zimene anagwira mumgodi, ndipo tsiku lomwelo mwala unawagwera n'kuwapha.

Koma kudziwako sikunamuthandize. Ernestina naye anali ndi bala lake. Mayi ake anachoka iye ali mwana, ali m'tulo, osabweranso. Ndiye chitseko chikatsekeka popanda mawu, ankamva kuti wasiyidwanso. Madzulo ankafunsa, “Baba Leeroy, mumandifunadi ine?” Mwamunayo, m'malo moyankha, ankadzuka kukakonza ndowa yomwe sinali yobooka n'komwe. Mkazi akayandikira, iye ankasuntha; akasuntha, mkazi ankalira. Ankagona mphasa imodzi, koma Ernestina ankasungulumwa koopsa.

Mu 2008, m'masitolo mutangotsala mashelefu, mkulu wake wa Ernestina, Rosália, anamuitana ku Joni kukagulitsa nsalu. Ernestina anavomera, ndipo mumtima analumbira kuti Daison akamusiya apite chetechete, kubwera ayi. Mwana wawo Leeroy adzachita kumuitanitsa.

Daison anamunyamulira chikwama mpaka pamsewu wa ku Gweru. Njira yonse nkhani inali ya mvula yochedwa. Basi itaima, anakweza chikwamacho, n'kuyang'ana matayala ngati ndiye mwini galimotoyo. Ernestina anaponda pakhomo la basiyo, mtima utauma gwa.

“Mai Leeroy.”

Anacheuka. Bambo wamkulu uja, wophwanya miyala, anali atasiya kuyang'ana matayala aja.

“Mufambe zvakanaka,” anatero Daison. “Muyende bwino... ndakutsanzikani.”

Mawu amene anawalirira zaka zonsezi anali amenewo. Koma atayang'ana nkhope ya mwamuna wake, anaona mantha okhaokha, mantha a kamnyamata koima pakamwa pa mgodi kudikira bambo ake. Apo m'pamene anazindikira kuti kukhala chete konse kuja kunali kumupempha kuti asafe.

“Amai, kwirai tiende!” anakuwa kondakitala m'Chishona, kumufulumizitsa kuti akwere.

Ernestina anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

“Mwati chiyani, Baba Leeroy? Injini ikusokosa, ine sindinamve kanthu,” anatero. “Denga lija likudontha. Ndidzalipeze mutakonza.”